Mabowo a Amayi Esperanca

Amayi Esperanca anaoloka malire pa Muloza ali kamtsikana, atabisidwa m'lole pansi pa lona, nkhondo ili mkati ku Mozambiki. Chiyambire pamenepo chinthu chotsekedwa amadana nacho. Amuna awo, a Isake, onyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula, anafa ndi chifuwa akupempha kuti wina atsegule zenera, pomwe zeneralo linali pululu.

Madzi osefukira atakokolola munda wawo ku Chinakanaka, kachigawo kotsala kanapereka matumba awiri okha a chimanga, pakhomo pali adzukulu anayi. Mlangizi wa zaulimi, a Mackson, munthu wokomedwa ndi mawu ake omwe, anabweretsa matumba aja okhala ndi pulasitiki mkati. Akuti m'thupi mwa nankafumbwe, ngakhalenso mwa inu ndi ine, muli timbaula tosaoneka ndi maso, ati maitokondiriya, timene timawotcha chakudya ndi mpweya wabwino kuti thupi lipeze mphamvu, n'kutulutsa mpweya woipa, kaboni dayokusaidi. Mukamanga thumba zolimba, wabwino umatha, woipa umadzaza, nankafumbwe amafera momwemo popanda mankhwala.

Amayi anafunsa ngati chimanga nachonso chili ndi timbaulato. A Mackson, m'malo mosunga pakamwa, anavomera monyadira kuti eya, mbewu imapuma pang'onopang'ono.

Basi, nkhani inathera pompo. A Mackson anathira chimanga m'matumbamo, n'kuwamanga zolimba, n'kunyamuka. Mlangizi asanafike n'kumsewu komwe, amayi anathyola munga wa mandimu n'kuboola matumba onse awiri, mabowo asanuasanu, kuti mbewu yawo isabanike. Za anthu asukulu, ankatero, n'zopanda chisoni.

Amayi anamasula matumba aja mu Novembala, mitambo itayamba kuunjikana paphiri. Dzanja linamira mpaka m'chigongono mufumbi lofunda, anankafumbwe ali nyakanyaka, onenepa kuposa eni nyumba. Anapeta tsiku lonse misozi ikugwera m'lichero. Chamoyo chinangokwana beseni limodzi.

Anathamangira kwa mlangizi, fumbi atalimanga pansalu.

“Achimwene, suja munati chimapuma?”

“Chimapuma, mayi, koma chouma sichilira mpweya wambiri. Inu mwapumitsa akuba.”

Amayi anabwerera kunyumba. Anapeza adzukulu atazungulira beseni lija, wamkulu akufunsa ngati apite nalo kuchigayo. Kugayitsa kukanawadyetsa masiku asanu, mwina asanu ndi limodzi akamamwa phala. Amayi analikweza pamwamba pa kabati, n'kugona masiku atatu pafupi nalo ngati mlonda.

Mvula yoyamba itagwa anabzala chonse, osasiya ndi njere imodzi yomwe, ana akulira kumbuyo. Kenaka anasamba m'manja n'kupita kwa mnansi wawo Doris, yemwe sankalankhulana naye zaka ziwiri, kukapempha masamba a chinangwa oti ana adye.