Chisuweni cha Jeffrey ndi Faith

A Mailesi amagulitsa zitumbuwa pa Lisungwi, pansi pa mtengo umene maminibasi amatsitsirapo anthu. Ine ndimayala tomato pambali pawo, ndipo takhala limodzi nthawi yaitali moti ndimawazindikira ndi kutsokomola kokha.

Anabadwira ku Dambe, kumapiri kozizira, n'kudzakwatiwa kotentha kuno ndi a Laimoni a kabaza. A Laimoni atamwalira anawasiyira mwana mmodzi, Jeffrey, ndi nyumba yosafolera chipinda chimodzi. Mayi wina akanauma nacho chisoni, koma iwowa anadzipulumutsa ndi pakamwa. Ndi munthu woseketsa. Pamaliro, namfedwa akakana phala amaitana a Mailesi, ndipo posakhalitsa mumamva kukhosi kwa wolira uja kukutuluka kaphwete. Mankhwala awo ndi amodzi basi, kuseka, ndipo amamwetsa aliyense osayamba afunsa chimene chikumupweteka.

Mlongo wawo Davie anakhalitsa ku Joni. Anakwatira komweko mkazi wa ku Blantyre, n'kubereka mtsikana, Faith. Mkaziyo anamwalira Faith ali wamng'ono. Kenako kunabuka chipolowe chothamangitsa alendo, nyumba yawo ya malata inatenthedwa, ndipo Faith anatuluka m'motomo ndi zovala za m'thupi zokha. Davie anamukweza basi kuti abwere kumudzi, iye n'kutsala kuti asataye ntchito.

"Achemwali, mwanayu waona zambiri," anatero pafoni. "Mundisungire bwino."

"Asowa chiyani kuno? Wako ndi wanga yemwe."

Sankanama. Anamusokera yunifomu, anamupatsa bedi lawo iwo n'kutsikira pamphasa, ndipo chitumbuwa choyamba kuphula chinkakhala cha Faith. Anamulembetsa sitandade 6, kalasi imodzi ndi Jeffrey. Pa chikondi chokha palibe angawatsutse.

Koma mwana wa mlongo ndi mwana wa mchemwali ndi asuweni, ndipo kwathu kuno asuweni salemekezana. Amanyozana, amalandana zinthu, amatchulana mwamuna ndi mkazi, akulu ali pomwepo akuombera m'manja. Kukoma kwake n'kubwezerana. Wina akakuti mutu ngati dzungu, iwe umamuti miyendo ngati ndodo, nkhani yatha. Faith sankazidziwa zimenezi, ndipo Chichewa chake chinali chotsimphina moti asanapeze mawu oyankhira, anzake anali ataseka kale n'kumaliza.

Jeffrey anayambira pakhomo. Ankamutcha mkazi wake, kumuyeserera kayankhulidwe, kumubisira nsapato. Zitakoma, anazitengera kusukulu. Anauza kalasi yonse dzina limene anthu a ku Joni ankawakuwiza nalo pothamangitsa alendo, ndipo linamumata mwanayo. Anaululanso kuti Faith amanjenjemera akamva za moto. Aphunzitsi akangotuluka, mnyamata wina ankamenya desiki n'kufuula kuti kwabuka moto, Faith n'kudzigwetsa pansi atagwira mutu, kalasi yonse m'mimba kupweteka ndi kuseka. Ana akapeza pofewa amakumba mpaka dzenje.

Tsiku lina masana Faith anafika pamsika, nagwada pafupi ndi beseni la zitumbuwa. Ine ndinali pomwepo.

"Azakhali, Jeffrey akundizunza kusukulu. Sindikufuna azinditcha dzina lija."

A Mailesi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Amuna ako omwewo? Mwanawe, chimenecho ndiye chisuweni. Nawenso uzimunyoza. Umuuze za makutu akewo, akunga mapiko a mleme."

Amayi oyandikira anaseka nawo. Faith anayang'ana pansi, nanyamuka. Anabweranso masiku ena ndi dandaulo lomwelo, yankho lake losasintha, mpaka analeka kubwera.

Ndinawauza a Mailesi kuti chisuweni cha mbali imodzi si chisuweni, ndi nkhanza. Anandiyankha kuti ndine wouma mtima chibadwire, ndipo mwanayo azolowera. "Ife tinakula nazo, tinafa?" Funso limeneli limandikwiyitsa kulikonse kumene ndilimva. Iwo anakula nazo ali kwawo, mayi awo ali moyo, pakamwa pali pakuthwa.

Faith anayamba kuonda. Chitumbuwa chija ankachilandira ndi manja awiri n'kukachipatsa nkhuku kuseri kwa nyumba. Sankacheza ndi munthu, sankaliranso. A Mailesi anati ndi kutentha kwa kuno, namugulira mankhwala a malungo pagolosale.

Amene anaulula ndi a Ethel, aphunzitsi a kalasi yawo. Anabwera pamsika kudzafunsa ngati Faith anabwerera ku Joni, poti anali atasowa m'kalasi kwa nthawi. A Mailesi anadabwa, chifukwa m'mawa uliwonse mwanayo ankavala yunifomu n'kutsanzika. A Mailesi atamulondola anakamupeza kumtsinje, atakhala pamwala, akungoyang'ana madzi. Ankakhala pamenepo mpaka amve anzake akuweruka. Atamufunsa chimene ankaganiza, anati ankaganiza kuti zikanakhala bwino akanapsera m'nyumba muja.

Tsiku limenelo a Mailesi sanaseke. Anasiya beseni pamsika losavundikira n'kuthamangira naye kuchipatala. Adokotala anacheza ndi Faith payekha nthawi yaitali, kenako anaitana azakhali ake n'kuwauza kuti si malungo, si ziwanda, si mwano. Mwanayo anali atadwala maganizo, ndipo matendawo amachizika, koma pafunika uphungu, kuleza mtima ndi kumuchotsa pamene akumuzunza.

Jeffrey anakwapulidwa, analira, anapepesa. Ndinamumvera chisoni pang'ono, poti anachita zimene ankaona kuti zikusangalatsa amayi ake. A Mailesi anayesetsa ndithu. Anasiya malonda masiku a chipatala, ankamuperekeza mpaka pakhomo pa kalasi, anakalankhula ndi makolo a anyamata aja mmodzimmodzi. Koma madzi akatayika saoleka. Faith ankayankha zonse mwaulemu, eya azakhali, ayi azakhali, ngati akuyankha mlendo.

Davie atamva anasiya ntchito ija n'kubwera. Sanakalipe, ndipo a Mailesi amati bola akanakalipa. Anangoti mwanayo apita ku Blantyre kwa amayi ake aang'ono, kumene kuli aphungu pafupi ndiponso sukulu imene palibe akumudziwa. A Mailesi anapempha kuti awapatsenso mpata teremu imodzi. Davie anati afunse mwini wake, ndipo Faith anapukusa mutu.

Tinawaperekeza pansi pa mtengo wathu womwewu. Kondakitala akumanga chikwama kumbuyo, a Mailesi anagwira Faith dzanja.

"Mwana wanga, zinafika poipa chonchi, bwanji sunandiuze?"

Faith anawayang'ana m'maso, mosakwiya konse.

"Ndinkakuuzani, azakhali. Munkaseka."

Anakwera n'kukhala kuwindo la mbali inayo. Minibasi italowera cha ku Zalewa, a Mailesi anabwerera pabeseni pawo, nakhala pansi. Munthu wina anafunsa mtengo wa zitumbuwa, ndipo ndinayankha ndine.