A Lefina Aperekeza Mlendo wa ku Kabwe

A Lefina Sakala a ku Mlolo ankaumba mbiya, koma anthu ankawadziwa kwambiri chifukwa cha kuyenda. Dothi loumbira ankakalikumba kuseri kwa mapiri, ndipo mbiyazo ankazisenza okha mpaka ku Zemba. Amuna awo atamwalira, kuyendako kunangowonjezeka. Akakhala pakhomo masiku angapo ankadandaula kuti miyendo ikuwayabwa.

Chaka china cha m'ma 1950, mvula itangokata, lole yochokera ku tauni ya Foti inatsitsa pa Chadiza mayi wina dzina lake Regina. Iyeyu anachoka kumudzi ali kamtsikana, kupita ndi amalume ake ku migodi ya ku Kabwe, ndipo anakwatiwa komweko. Tsopano ankafuna amayi ake, a Monika, koma anamva kuti mudzi wawo unasamuka kalekale. Anthu anamulozera kwa a Lefina.

"A Monika aatali aja, a mpata m'mano? Ali moyo, ndinawaona chaka chatha nthawi yokolola mtedza," anatero a Lefina. "Msewu kulibe kumeneko, mwana wanga. Tidzera pamwamba. Ugone, mawa tilawira."

Ananyamuka mame asanakamuke, a Lefina patsogolo ndi ndodo yawo, Regina pambuyo atasenza kamtolo. Chikweza choyamba chinamutulutsa thukuta Regina. Anavula nsapato zake za m'tauni n'kuzimanga m'chitenje, ndipo a Lefina anaseka mpaka kutsamira mtengo.

Atafika pamwamba, mitengo inatha. Kunali dambo lalikulu la udzu wofika m'chiuno, mphepo yozizira ikuugoneka uku ndi uku. Agwape awiri anavumbuluka pafupi nawo n'kuthawa. Regina anaima, kenako anayamba kuseka yekha. Kumbuyo ankaona minda ya ku Mlolo itachepa ngati timphasa.

"Amayi, kodi mumaona zimenezi nthawi zonse?"

"Nanga ukuganiza ndimakanirira chiyani kukhala pakhomo? Ponda pomwe ndikuponda, apa pali matope obisala."

Dzuwa lili pamutu anatsikira pa bwinja la mudzi wakale wa kwawo kwa Regina. Nyumba zinali zitagwa, koma mitengo ya mango inalipo. Regina anathamangira mtengo wina wopindika n'kuukumbatira. Anati ndi umene ankakwera ndi mchimwene wake, ndipo anayamba kuloza pamene panali nkhokwe, khola ndi njira ya kuchitsime. Anadyera pomwepo mbatata zootcha, Regina akutafuna chiimire chifukwa sankatha kukhala pansi ndi chimwemwe.

Kuchokera apo anakwera kaphiri kena, anyani akuwakuwiza pamiyala. Kutsidya kwa chigwa kunkafuka utsi.

"Kwanu ndi uko," anatero a Lefina.

Regina anatsika chothamanga, osamvanso minga. Koma m'chigwamo munali mtsinje, ndipo madzi anali akadali ambiri. A Lefina anayeza ndi ndodo, anamanga chitenje cholimba, n'kumugwira dzanja.

"Usayang'ane madzi, uziyang'ana msana wanga. Tiwoloka chopingasa."

Pakati pa mtsinje Regina anaterereka pamwala n'kumira mpaka m'khosi. Kamtolo kanatengedwa ndi madzi, koma a Lefina sanamutaye dzanja. Anatulukira kutsidya ali chinyowere, akupuma mwabefu ndi kuseka. Amayi ena amene ankachapa kumunsi anakakola kamtoloko ndi nsungwi, ndipo mmodzi wa iwo, wamtali, wa imvi, anabwera nako.

"A Lefina, lero mwatibweretsera ndani wosadziwa madzi?"

"Muyang'anitseni nokha, a Monika."

Regina anawayang'ana n'kuona mpata wa m'mano uja. Anangogwada pamchenga n'kunena kuti, "Amama." A Monika anaponya kamtolo pansi, anamugwira nkhope ndi manja onse, kenako anaimba nthungululu yomwe inamveka mpaka kumudzi. Anthu anatsika chothamanga, ena atagwira makasu poganiza kuti kwagwa ngozi. Madzulo amenewo atsikana anavina chimtali, ndipo a Lefina, ngakhale anayenda tsiku lonse, analowa m'bwalo.

Regina anabwerera ku Kabwe kukatenga ana ake kuti adzaone agogo awo, ndipo anawoloka nawo mtsinje womwewo. A Lefina anapitiriza kuperekeza alendo m'mapiri mpaka mawondo atakana. Atakalamba ankakhala pakhonde, n'kumajambula njira pansi ndi ndodo kwa aliyense wofunsa.