Nyimbo imene aNabanda anachotsa

Ntchito yoitanira anthu ku zisudzo ndinaipeza ndikugulitsa vitumbuwa. Ndinkakhala pageti pa holo yakale ya ku Kwacha, kuno ku Kitwe, beseni patsogolo, mwana wanga Chisomo kumsana. Loweruka lililonse gulu la zisudzo linkasewera m'holomo, koma olowa ankachepa moti beseni langa linkabwerera kunyumba lodzaza.

Tsiku lina mtsogoleri wa gululo, Ba Mwila, amene kale anali kalaliki kumgodi, anaima pambali panga akudandaula. Komiti yoyang'anira holo inali itawauza kuti sewero lotsatira likapanda kudzaza ngakhale theka la mabenchi, Loweruka lipatsidwa kwa mpingo wina umene unkafuna malowo. Anandifunsa m'Chibemba chifukwa chake anthu a m'komboni sabwera. Ine ndine wamanyazi, ndipo sukulu ndinalekezera giredi sikisi. Ndinayankha ndikuyang'ana m'beseni: "Mapepala anu mumalemba Chizungu, n'kukamata kutauni. Komanso naintini awazi, kutangoda, amayi amakhala ali pambaula." Anati ndibwere Lolemba.

Anandipatsa ndowa, burashi, buku la matikiti ndi chidindo. Zomatira ndinkaphika ndekha, ufa wa chinangwa m'madzi otentha mpaka ukhale ngati phala la mwana. Mapepala tinawalembanso m'Chinyanja ndi m'Chibemba, ndipo ndinkamata kumene amayi amaima nthawi yaitali: kuchigayo, pampopi, m'masaluni. Pepala uyenera kumata pamwamba pamene dzanja la mwana silifika, ndipo uyambe wapempha mwini khoma. Tiketi iliyonse ndinkadinda kawiri, mbali ya wogula ndi kachidutswa kotsala m'buku. Nthawi ya sewero tinaisintha kukhala fotini awazi, dzuwa litangopendeka masana.

Chimene chinandikanika ndi chimkuzamawu. Ndinapita nacho pasiteshoni ya minibasi, ndinachikweza pakamwa, mawu osatuluka. Kondakitala wina anakuwa kuti, "Ba mayo, mabatire atha ndi a chinthucho kapena ndi anu?" Ndinachibweza tsiku lomwelo. M'malo mwake ndinayamba kujambula mawu anga pafoni ndili m'chipinda, n'kutumiza ku magulu a amayi, a m'masaluni ndi a ku Mphakati, kumene Akatolika oyandikana timapempherera pamodzi. Ndili ndekha ndimalankhula bwino.

Sewero latsopanolo linali la mtsikana wokwatiwa ndi mnyamata amene wangochotsedwa ntchito kumgodi. Munali gawo la alangizi, amayi amene amaphunzitsa mkwatibwi m'nyumba yotseka. Bupe, mtsikana amene ankasewera ngati mlangizi, anaikamo nyimbo yeniyeni ya m'nyumbamo. Nditaimva koyamba ndinadziwa kuti talakwa, chifukwa nyimbo imeneyo siimbidwa pali amuna kapena ana. Koma matikiti sanali kuyenda. Nyimboyo sindinailetse, ndipo ndinachita choposa pamenepo. Ndinajambula uthenga wakuti, "Bwerani mudzaone zimene alangizi amaphunzitsa chitseko chili chotseka. Sitibisa kanthu."

Matikiti anayamba kuuluka, makamaka kwa anyamata a m'malo ometera. Ba Mwila ankandionetsa kwa anzawo kuti, "Uyu ndi mkuwa weniweni." Inenso ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Lachitatu m'mawa, kutatsala masiku atatu, ndikuchapa matewera, ndinaona aNabanda akulowa pabwalo ndi amayi anayi. ANabanda amagulitsa tinsomba ta kapenta kumsika, ndipo ndiwo anandilangiza ine ndisanakwatiwe. Anakhala pakhonde, anatulutsa matikiti amene amayi a ku Mphakati anagula, n'kuwapanikiza ndi mwala.

"Amake Chisomo, mawu ali pafoniwa ndi ako?"

"Ndi anga, amayi."

"Ife timati mwana wamanyazi, kani pakamwa pankadikira foni. Zimene tinakupatsa titatseka chitseko, ukugulitsa twente kwacha kwa anyamata osadziwa n'kuchapa komwe kabudula? Mawa ku Mphakati tilengeza. Mayi aliyense asapondeko."

Ndinagwada manja ali ndi thovu. Ndinadziwa kuti amayi akakana, amuna awo ndi ana awo sabweranso, ndipo anyamata okha sangadzaze theka la holo. Loweruka lipita, ntchito yanga ipita, ndipo ndizidutsa pamsika anthu akundiloza. Ndinati, "Ndalakwa, amayi. Koma musanalengeze, tiyeni mukaone nokha masana ano. Chimene munene kuti chichoke, chichoka." Lonjezo limeneli ndinalipereka osafunsa Ba Mwila.

Nditawauza anaponya kapu yawo pansi. "Sewero langa lidulidwe ndi ogulitsa kapenta?" Ndinayankha kuti, "Ogulitsa kapentawo ndi amene mukufuna kuti akhale pamabenchi." Anatola kapu ija, anaipukuta, n'kuuza osewera kuti aike mipando isanu kutsogolo.

Amayi aja anaonera mikono itapindidwa. Pofika pa malume a mkwati, amene amabwera ataledzera n'kufunsira apongozi, mmodzi anaseka mpaka anapukuta misozi ndi chitenje. Titafika pa gawo la alangizi, aNabanda analamula amuna onse kuti atuluke, ndipo Ba Mwila anakaima padzuwa kunja kwa holo yawo yomwe. Bupe atangoyamba nyimbo, aNabanda anakweza dzanja. "Iyo ayi." Kenako anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndipo ndi mlangizi uti amakhala atatambalala chonchi? Chitenjecho wamanga ngati ukuthawa nyumba ikupsa. Bwera kuno."

Anammanga chitenje bwinobwino. M'malo mwa nyimbo yobisika ija anaikamo imene amaimba potulutsa mkwatibwi pabwalo, pamaso pa aliyense. Mayi wina anatenga ng'oma, n'kuyamba kuphunzitsa osewera kaimbidwe ndi kaponde kake. ANabanda anaiwala kuti kapenta amusiyira woyandikana nawo benchi kumsika. Potuluka aNabanda anandikoka dzanja. "Bodza unaliika pafoni, ukalichotsere pafoni pomwepo."

Uthenga wachiwiriwo ndinaujambula kasanu, mawu akukana. Ndinanena kuti ndinalonjeza zimene si zanga, kuti za m'nyumba yotseka sizidzaoneka, ndipo wofuna kubweza tiketi andipeze pageti. Anyamata anabwera ambiri. "Ba sisita, mwatidyera masuku pamutu," anatero wina, anzake akuseka. Tiketi iliyonse yobwezedwa ndinkaidula mzere ndi bolopeni. Pofika Lachisanu mulu wake unandiopsa, ndipo Ba Mwila sankandilankhula.

Loweruka, itatsala pang'ono fotini awazi, mabenchi anali mbee. Munthu wa komiti anaima pakhomo akuyang'ana wotchi. Kenako minibasi inaima pageti, munatuluka amayi ovala chitenje chofanana, ana kumsana. Ena anabwera wapansi, a ku Kwacha, a ku Kamitondo, amuna awo akutsatira m'mbuyo ngati akakamizidwa. ANabanda anali atalengezadi ku Mphakati, koma chimene analengeza n'chakuti, "Sewero lija talikonza ife. Tiyeni tikaone ngati amva."

Ndinafuna kuwalowetsa aNabanda ulere. Anakana. "Dinda apa. Ndikalipira ndiye ndili ndi mphamvu yodzudzula." Ndinadinda mpaka inki inayamba kufooka. Itafika nyimbo yotulutsa mkwatibwi, holo yonse inailanda, nthungululu mpaka malata kulira, osewera anachita kudikira kuti anthu akhale pansi. Munthu wa komiti uja anaonera choimirira, chifukwa pokhala panalibe. Loweruka linatsala lathu. Potseka holo Ba Mwila anangondiuza kuti, "Lolemba usachedwe."

Pano ndatha zaka zingapo pa ntchitoyi, ndipo Chisomo ali pasukulu. Ndaphunzira kuti tiketi ukhoza kuigulitsa ndi bodza kamodzi, koma amene amadzaza holo mwezi ndi mwezi ndi anthu amene aona kuti sewerolo ndi lawo. Sungagulitse chinthu cha eni ake n'kuyembekezera kuti eni akewo adzakuombere m'manja. Choncho sewero lililonse, ndisanaphike zomatira, ndimayamba ndaitana amene likuwanena. La amigodi linaonedwa ndi amigodi opuma, la m'minibasi ndi makondakitala, ndipo kondakitala wa mabatire uja anatikonzera kaitanidwe ka okwera. Chimkuzamawu chikadali m'kabati ya Ba Mwila. Lachitatu lomaliza sewero lisanatuluke ndimaika mipando isanu kutsogolo, ndipo wapakati palibe amaukhudza mpaka aNabanda atatseka benchi lawo la kapenta.