Ziwiri kwa Chimodzi za a Sosten

Sikisi koloko m'mawa, makina ochapira atayamba kale kulira, a Sosten Kamphinda anali akupinda mashiti kunyumba yosamalira okalamba ku South Bend. Ankapinda ngati mashitiwo awalakwira: kukutumula, phaa, kuponya pamulu. Ife ogwira nawo ntchito tinadziwiratu kuti nkhani ndi ya alamu awo.

A Sosten kwawo ndi ku Ntcheu. Pa unyamata wawo anali goloboyi wa timu ya pa Tsangano, ndipo chala chawo china nchokhota mpaka lero chifukwa cha penate imene anagwira. Kuno, Loweruka limene tauni yonse imathamangira kumpira wa makoleji, iwo amakhala ali pashifiti. Chipewa cha Notre Dame, timu ya tauni ino, amavala ndithu, koma chifukwa cha kuzizira. Mpira wakunowu, wooneka ngati dzira, wothamanga nawo uli m'khwapa, iwo ankauyesa chibwana.

Mwana ali naye mmodzi, mtsikana, dzina lake Akuzike. Asanayambe n'komwe kuyenda bwino, bambo ake anamugulira mpira weniweni, wozungulira. Mpirawo uli m'galaja, unaphwa kalekale. Mtima wa Akuzike uli pa dzira lija, ndipo anamuphunzitsa ndi amalume ake, a Hamilton, amene amagwira ntchito kufamase ku Indianapolis ndipo amasapota timu ya Indiana. Madzulo foni ikalira, mwana amakhala akuseka ndi amalume, bambo akutsuka mbale, khutu lili kubalaza. Kuseka kumeneko ndi kumene kunkawadya a Sosten. Ndi iwo, mwanayo amangoti "Okay, Daddy," basi nkhani yatha.

Lamlungu lapitalo a Hamilton anabwera kuchokera kumene amakhala ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis, atavala juzi yofiira, ina yaing'ono atamutengera Akuzike. Linali tsiku lomwe anatchula matimu khumi ndi awiri oti alimbirane chikho, ndipo Indiana ndi Notre Dame onse analimo. Chakudya chisanathe, mkangano unabuka.

"Alamu," anatero a Hamilton, "timu yanuyi yangolowera dzina. Mayina sasewera mpira."

"Nanga inuyo mwamenyako ndani wooneka? Mumangosewera ndi ana."

Mawu amenewa a Sosten anawatola kuntchito, kwa gogo wina wa m'chipinda chakumapeto amene sazimitsa TV. Atawanena, Akuzike anatembenuka n'kuwayang'ana bambo ake, maso gwaa, akumwetulira. A Sosten anakhala bwino pampando.

"Chabwino," anatero a Hamilton, akunyambita chala. "Tiprediktire fainolo. Ine ndikuti Indiana ndi Oregon, ndipo tiwina sate-wani kwa twente-foo. Inu akatswiri?"

"Notre Dame ndi Texas," a Sosten anayankha mosachedwa.

"Zigoli?"

A Sosten anaganiza ngati goloboyi. Fainolo simakhala ya zigoli zambiri, aliyense amatseka kumbuyo.

"Ziwiri kwa chimodzi."

A Hamilton anatsamwa ndi Fanta, misozi mbwee, akumenya tebulo.

"Alamu inu! Ziwiri kwa chimodzi? Kapena azikasewerera pa Tsangano? Kuno kungowoloka mzere kamodzi ndi mapointi sikisi!"

Mayi a Akuzike anathawira kukhitchini, chitenje chili kukamwa. Akuzike sanaseke. Anangoti, "Daddy, please," n'kusendeza mpando wake kufupi ndi amalume. Bola akanaseka. Madzulo omwewo anapempha kuti fainoloyo, yomwe ikhale Lolemba mwezi wa Januwale, akaonere ku Beech Grove. A Hamilton anati palibe vuto, adzamutenga okha, ndipo m'mawa mwake adzamutula kusukulu.

Nchifukwa chake mashiti ankalangidwa m'mawa uja. A Sosten anafotokoza zonse osayang'ana munthu.

"Mwana ndinabereka ndine," anatero. "Malungo akamugwira, amadzuka ndi ndani? Mano akuwawa, amathamanga naye ndani? Munthu angobwera ndi juzi yofiira, basi ndiye bambo. Iyeyo Loweruka amapuma, ine ayi. Kupusa kwanga kuli pamenepo basi."

Makina aja anazima. Anatulutsa matawulo otentha, n'kuyamba kupinda pang'onopang'ono tsopano, makona akukumana bwinobwino. Atafika pakati pa mulu anaima.

"Koma nditanena za kusewera ndi ana zija, anandiyang'ana. Simunaone inu mmene anandiyang'anira."

Pa nthawi yopuma sanapite kukamwa tiyi. Analowa kwa gogo wa TV uja ndi matawulo amene gogoyo sanapemphe, ndipo anachedwako. Atatuluka, milomo ikungogwedezeka ngati mwana woloweza vesi la Sande sukulu, anabwera pamene ndinkasankha zovala.

"Amake Kenan, ndikudziwa muli ndi khanda, ndipo madzulo amakuvutani. Koma Lolemba la fainolo lija mundigwirireko shifiti. Ine ndidzakugwirirani ya Khrisimasi. Ku Beech Grove ndikamuperekeza ndekha mwana, ndipo ndikakhala pakati pa iye ndi alamu, pasofa pomwepo. Chinanso, amuna anu amaudziwa mpirawu. Muwauze ndizibwera Lachinayi andiphunzitse kuwerenga mapointi. Koma Akuzike asamve."