Mtsutso wa m'katoni ku Mchengautuwa

Ndikukumbukira chaka chimene amalume anga, amene kwathu timati asibweni, anabwera kuchokera ku migodi ya ku Zambia atanyamula mpira wachikopa. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ife ana a ku Mchengautuwa tinkangodziwa mpira wansanza womanga ndi luzi. Watsopanowo unkanunkhira ngati nsapato ya m'sitolo. Asibweni anati ndi wa timu yonse, koma azisunga ndi kaputeni. Kaputeni tinalibe.

Tinaufuna udindowo anthu awiri, ine ndi Wongani, mwana wa a kalaliki oyandikana nafe. Ndinene poyera kuti woyenera ndinali ine. Bwalo ndinalambula ndine, mpira wansanza ndinkamanga ndine, ndipo anzanga ambiri anali atandilonjeza kale.

Asibweni anatiuza kuti kumene anachokera kuli wailesi yoonetsa nkhope ya wolankhula. Kuno kunalibe, ndipo sitinawakhulupirire. Anatenga katoni ya sopo, naiboola zenera, naiika patebulo lophimba ndi chitenje.

"Aliyense alowetse mutu umu, anene zimene adzachite. Anthu asankha okha."

Amayi atamva anatuluka m'khitchini ndi mpeni m'manja.

"Achimwene, mukufuna tikagone kupolisi? Dziko lino anthu sapikisana poyera!"

Anatithamangitsira kuseri kwa nyumba, kuopa anyamata a malaya ofiira amene ankafunsa makadi a chipani pamsika. Amayiwo anakaima pakona kuyang'anira msewu, akunamizira kuyanika zovala, pamene kamvula ka ku Mzuzu kaja kanali kakuwaza.

Ndinayamba ine. Mfundo zanga ndinali nditazilemba papepala, ndipo pepalalo lilipo mpaka lero, pakuti ine sinditaya pepala. Ndinawerenga za kupopa mpira, kuupaka mafuta, ndi kusasewera pafupi ndi waya waminga. Mfundo zolondola zonse. Koma mutu unali chowerama, ndipo fungo la sopo linandiyetsemulitsa mpaka katoni inagwedezeka.

Kenako anabwera Wongani atavala jekete ndi tayi ya bambo ake. Ine, pokhala kuseri kwa tebulo, ndinkaona kabudula wake wong'ambika ndi mapazi odzaza matope ofiira. Anzanga ankangoona nkhope ndi tayi.

"Monire mose!" anafuula. "Yewo chomene pobwera, mabwana ndi madona!"

Palibe amene anatitchulapo mabwana chibadwire. Ana anagwa nako kuseka, atsikana akuimba nthungululu, amayi pakona paja akutikupizira dzanja kuti tichepetse phokoso. Wongani anatchula aliyense dzina akumuyang'ana m'maso. Analonjeza majezi. Analonjeza nsapato. Analonjeza kuti anyamata a ku Chibanja tidzawachinya mpaka amayi awo adzabwere kudzapepesa.

Tinasankha poima pamzere kumbuyo kwa amene ukumufuna. Kumbuyo kwanga kunaima mng'ono wanga yekha, nayenso maso ali pa mzere winawo.

Ndinapita kwa asibweni misozi ili m'maso.

"Wanama! Majezi awatenga kuti? Onsewa akumudziwa, ngakhale nsapato alibe!"

"Akumudziwa, inde," anatero akupukuta misozi ya kuseka. "Koma iwe walankhula ndi pepala, mnzako walankhula ndi anthu. Ukanadzutsa mutu, mphwanga."

Majezi sanabwere. A ku Chibanja anatichinya zigoli zimene sindifuna kuzilemba pano. Komabe pobwerera m'nkhungu yozizira, Wongani anayambitsa nyimbo yonyoza goloboyi wathu, goloboyiyo n'kumavomera nawo, ndipo tinafika kunyumba tikuvina ngati opambana. Palibe anatuluka m'timu. Madzulo ake Wongani anabwera kwathu mpira uli m'khwapa, wophwa ndi wamatope.

"Usunge ndiwe," anati. "Ine ndiutaya."

Unagona pansi pa bedi langa mpaka chikopa chinatha.

Masiku ano atsogoleri a zipani akamatsutsana pa kanema chisankho chikayandikira, ndimapsa mtima kumva achinyamata akuti uyu wapambana chifukwa wavala bwino ndipo sanachite chibwibwi. Zimene atsogoleriwo analonjeza kale ndinazidula m'nyuzipepala, ndili nazo, ndipo zambiri ndi majezi a Wongani. Katoni ija inandiphunzitsa kuti zenera laling'ono limaiwalitsa anthu ngakhale zimene akuzidziwa bwino. Inandiphunzitsanso chimene ndinachedwa kuvomera, kuti wonena zoona wosadzutsa mutu asadandaule akatsala yekha pamzere.

Mitsutsoyo timaonera limodzi kunyumba kwa Wongani, tonse imvi zili mbuu. Iye amayang'ana nkhope, ine ndimalemba mfundo, ndipo sitinagwirizanepo za munthu mmodzi.