Kalata Imene Amalume Adasuta pa Bua

Ndikukumbukira tsiku limene ndidaona mtsinje wa Bua koyamba, ndipo umboni wake ndili nawo mu sutikesi yanga ya mapepala. Ndi kalata yothothoka m'mphepete, yopanda mutu. Tsiku ndi chaka sindingakuuzeni, chifukwa mbali imene padalembedwa zimenezo adaisuta amalume anga a Yohane.

Makolo anga adali matenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Mavwere. Nditakhoza kupita Sitandade 5, bambo adati kwakwana, mwana wamkazi wodziwa kulemba dzina lake akhale pachigafa azisoka fodya. Mayi adakana. Adapangana ndi mng'ono wawo wa ku Chiosya kuti ndikakhale kumeneko ndizikaphunzira, ndipo ahedi a sukulu yanga yakale adandilembera kalata ya thiransifa, yokhala ndi chidindo ndi kalasi yanga pamwamba pake. Bambo adangonena mawu amodzi: akakandikana kumeneko, ndibwerere kuchigafa.

Amene adanditenga panjinga adali amalumewo, mlongo wawo wa mayi, munthu wa nthabwala amene sadapondeko m'kalasi. Kalatayo ndidaikulunga m'kansalu n'kuibisa pachifuwa. Njinga ikagwera m'dzenje, dzanja langa linkathamangira pomwepo.

Dzuwa litakwera tidafika m'mbali mwa Bua. Kwathu ndidazolowera minda ya fodya yopanda mthunzi, tsono apa ndidaona mikuyu ikuluikulu itaweramira m'madzi, bango likugwedera, zisa za mpheta zikulendewera ngati tizikwama. Akakowa adali mbuu kutsidya. Mphepo yake inkanunkhira matope ndi nkhuyu zakupsa. Amalume adatsamiritsa njinga pamtengo, navula nsapato, nakhala pansi ngati afika.

"Amalume, ahedi aweruka," ndidatero.

"Iwe Esinati, sukulu ili ndi miyendo? Taona madziwa. Anthu amachokera ku Lilongwe kudzaona zoterezi, iwe ukuona ulere."

Ine kukongolako ndinkakuona ndi diso limodzi. Ndidakhala pansi, ndidadzuka, ndidazungulira njinga, ndidapima mthunzi wa mkuyu ndi phazi. Kenaka amalume adandiyang'ana miyendo, yotuwa ndi fumbi mpaka m'maondo.

"Ukaonekera kwa ahedi choncho? Adzati tabweretsa mbatata yongokumba kumene. Kasambe."

Pamenepo ndidachita chinthu chimene ndinkayesa nzeru. Poopa kuti kalata inyowa, ndidaitulutsa m'kansalu muja n'kuwapatsa amalume. Ndidati, "Mundigwirire pepalali." Sindidanene kuti ndi pepala lanji. Ndinkayesa kuti dziko lonse likudziwa.

Madzi adali ozizira mpaka m'mafupa. Tinsomba tidabwera kudzanditsina zala, ndipo kwa kanthawi ndidaiwala ahedi, ndidaiwala chigafa. Ndidatola mwala wosalala n'kukwecha zidendene. Chimene chidandibweza ndi fungo. Mwana wa tenanti sasokoneza fungo la chingambwe.

Anzanga amene mudakulira m'dziko la fodya mukudziwa kuti kalelo pepala silinkagona m'nyumba. Nyuzi yakale, tsamba la kope, chikuto cha sopo, zonse zinkathera kupichira fodya. Munthu ukamupatsa pepala, umakhala wamupatsa ulemu. Ndidawapeza amalume atagona chagada, mwendo pamwamba pa unzake, utsi ukukwera m'masamba a mkuyu. Adali atang'amba bwinobwino kachigawo ka pamwamba pa kalata ija, mowongoka ngati ndi lumo.

Ndidakuwa mpaka akakowa adauluka.

"Nanga ukulira chiyani? Mawu onse ndakusiyira. Ndangochotsa kumutu kokha, kumene kudali kodetsedwa ndi inki."

Kodetsedwako kudali chidindo. Ndidawalanda nduduyo pakamwa, n'kuizimitsa ndi zala, n'kuifunyulula. Padatsala kachidutswa kakuda m'mbali, kokhala ndi theka la mkombero wa chidindo. Kalasi yanga idali itapita kumwamba.

Ulendo wotsalawo amalume adapalasa ngati akuthawa njati. Ahedi tidawapeza akukhoma ofesi. Adawerenga kalata yopanda mutuyo, adanunkhiza kachidutswa kaja, nayang'ana amalume nthawi yaitali. Amalume adavula chipewa nagwada, munthu wamkulu ndi ndevu zake.

"Bwana, wolakwa ndine. Mwanayu mutu wake ndi wabwino, woipa ndi wangawu."

Ahedi adati popanda chidindo ndi kalasi sangandilembe mu Sitandade 5. Adandiyeza ndi maso, ndipo poti ndidali wamfupi adati ndiyambire Sitandade 3, apo ayi ndibwerere kukatenga kalata ina. Kubwerera kudali kubwerera kwa bambo ndi singano yosokera fodya. Ndidati ndalola.

Zaka ziwiri! Ndidakhala pakati pa tiana tokhala ndi mamina, ndikuimba nawo zimene ndidazidziwa kale. Amalume ankabwera nyengo iliyonse yokolola ndi mtedza m'thumba, ndipo mpaka imfa yawo sadasutenso pamaso panga. Ndidawakhululukira, koma zaka ziwirizo ndimaziwerengabe.

Chilimwe chathachi mdzukulu wanga adanditengera pamalo paja pa njinga yamoto. Mikuyu idatha, akuti idathera ku nkhuni ndi makala. Madimba afika mpaka m'madzi, ndipo pamene ndidakwechera zidendene pali dzenje la okumba mchenga. Ndidakwiya, ndipo ndalemba kale kalata yodandaula kwa akuluakulu a boma, ina yofanana nayo ndasunga. Chimene chimandiwawa n'chakuti mtsinjewo ndidauona uli pa ulemerero wake kamodzi kokha, ndipo tsiku limenelo ndidali kalikiliki kupima mthunzi. Amene adaupenya mokwanira ndi amalume.

Mdzukuluyo amandiseka ndi sutikesi yanga. Akuti masiku ano pepala umangolijambula pafoni, basi. Mwina n'zoona, foni sangaipichire fodya. Komabe tsiku lija kumtsinje, pamene ndidafuna kutsika kuti ndikhudze madzi nditanyamula chikwama changa cha mapepala, iye adatambasula dzanja nati, "Agogo, bweretsani chikwamacho ndikugwirireni."

Ndidatsika nacho, chili pamutu.