Bolopeni yachiwiri ya atcheya

Atcheya a gulu lathu lothandizana pa ngozi za panyanja, kuno ku Chipoka, sadziwa kulemba, koma m'thumba la malaya awo simusowa bolopeni ziwiri. Ndikawafunsa kuti yachiwiriyo n'njachiyani, amati, "Yobwereka inu ophunzira." Chonsecho akudziwa kuti ine ndinalekezera Sitandade 4.

Mawu awo ndi amodzi: "Nyanja siwerenga pepala." Bwato la mnzathu likamira, iwo amangoyenda khomo ndi khomo, ndipo pofika Lachisanu matabwa apezeka.

Mwezi watha kunabwera mayi wina wa ku boma. Akuti malamulo a inshuwalansi akuwakonzanso, ndiye magulu ngati lathuli alembetse. Fomu yawo inali ndi mzere umodzi wokha wolembapo munthu wodzalandira thandizo mwamuna akafera m'madzi. Tsono a Haruna, anzathu a m'gululi, ali ndi akazi awiri, a Hidaya ndi a Karima, ndipo onse anali pomwepo, atangochokera kotumbula nsomba, mipeni ili m'manja. 

Atcheya anatenga fomuyo mozondotsa, n'kuiyang'anitsitsa ngati akuwerenga.

"Amayi, pepala lanu n'labwino. Koma wotsalayo musankhe nokha, mumuuzenso nokha. Ndi awo akhala apowo."

Mayi aja anayang'ana akazi awiriwo, kenako mipeni ija. Atcheya anasolola bolopeni yachiwiri n'kuwapatsa, n'kuwagwirira pepalalo mpaka mzere wina unajambulidwa.

Kenako ananditsina m'nthiti. "Achimwene, mwaona ntchito yake?"